Nthano za Zithunzi Si Zacibwana

Pali anthu ena ophunzira amene akaona mnzao alikuyang'ana nthano za zithunzi za m'nyuzipepala zakale amapukusa mutu, nanena kuti zimenezo nza ana, ndi kuti munthu wotsiriza sukulu ayenera kugwira mabuku onenepa okhaokha. Ena amaonjeza kuti tsobola wakale sawawa: zojambula za zaka zoposa 100 zapitazo zingamthandize ciani munthu wa lero? Anthu otere alakwa, ndipo kulakwa kwao kumamana anyamata ndi atsikana cuma cambiri.

Nthanozi zinakulira mu mzinda wa New York, pamene eni nyuzipepala awiri, Joseph Pulitzer ndi William Randolph Hearst, analikulimbirana owerenga. M'caka ca 1895 Richard Outcault anayamba kujambula m'nyuzipepala ya Pulitzer kamnyamata ka mpala kodziwika ndi dzina lakuti The Yellow Kid, ndipo caka cotsatira Hearst anamkopa ndi ndalama. Mumzindamo munali alendo ambiri ocokera ku Ulaya osadziwa bwino Cingelezi, koma zithunzizo anazimva. Onyozawo amati umenewu ndi umboni wakuti nchitoyo njopepuka. Kodi kufotokoza nkhani yathunthu m'timabokosi towerengeka, yomveka kwa mphunzitsi ndi kwa wamtengatenga yemwe, ndiyo nchito yopepuka? Woyankha kuti inde ayambe wayesa.

Mu 1905 Winsor McCay anayamba Little Nemo in Slumberland m'nyuzipepala ya New York Herald. Lasabata liri lonse mwana Nemo analikulota, nadzuka m'kabokosi kotsiriza. M'tsamba lina la 1908 kama wa mwanayo amera miyendo yaitali nayenda pakati pa nyumba za mumzinda, ndipo miyendo ikamatalika mabokosi omwe atalika nayo, kotero kuti diso la wowerenga likwera pamodzi ndi kamayo. Limeneli ndi luso la mmisiri wodziwa kuyeza.

Woposa onse ndiye George Herriman, amene anajambula Krazy Kat kuyambira 1913 kufikira imfa yace mu 1944. Nkhani yace njaifupi. Mbewa, dzina lace Ignatz, iponya njerwa pamutu pa mphaka; mphakayo ayesa njerwayo cizindikiro ca cikondi; galu wapolisi, wokonda mphaka, atsekera mbewa m'ndende. Onyozawo amati, "Nanga si nkhani imodzimodzi masiku onse?" Komatu wakumva nthano za Kalulu madzulo amadziwiratu kuti Kalulu apulumuka, ndipo sacoka pamoto, pakuti kukoma kwa nthano kuli m'kafotokozedwe. Kwa zaka 31 Herriman anapeza njira zatsopano zofikitsira njerwa ija pamutu uja, m'cipululu ca Arizona cimene mapiri ace amasandulika bokosi ndi bokosi. Mu 1924 Gilbert Seldes, woweruza za luso, anaika nchitoyi pakati pa zopambana za Amereka.

Coipa ciripo, ndipo siciyenera kubisidwa. Ojambula ambiri a nthawiyo anaonetsa anthu akuda monyoza, ndipo McCay yemwe anatero ndi kamnyamata kochedwa Impie. Herriman, wobadwira ku New Orleans mu 1880, anali ndi makolo ena akuda, koma anakhala moyo wace monga Mzungu, ndipo izi zinadziwika poyera mu 1971. Wowerenga wanzeru aone zonsezi, adzudzule coipa, asunge cokoma. Wotaya tsamba lonse sadzadziwa ngakhale m'mene tsankho linalowera m'nyumba za anthu lobvala cobvala ca nthabwala.

Onyozawo akanapindula koposa ndi Bringing Up Father, imene George McManus anayamba mu 1913. Jiggs, mlendo wocokera ku Ireland, wonyamulira omanga njerwa, alemera mwadzidzidzi. Mkazi wace Maggie afuna kuwerengedwa pamodzi ndi apamwamba, namletsa kuceza ndi anzace akale ndi kudya nyama ya mcere ndi kabici imene anakula nayo. Jiggs azemba, Maggie amponya mbale. Akale anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Mnyamata amene walandira setifiketi, nayamba kucita manyazi ndi zinthu zokondweretsa anthu wamba, ayang'ane Maggie bwino, ndipo adzifunse ngati sakumdziwa.