Musataye tambala, muli mbiri yathu mmenemo

Sabata yatha ndili pamzere wolipira m'sitolo ina yaikulu ku Limbe, mnyamata amene anali patsogolo panga anapatsidwa chenje cha ndalama zachitsulo zitatu. Anaziyang'ana, nkuseka, nkuzisiya pakauntala pomwepo. "Ndikagula nazo chiyani zimenezi?" anatero. Sindinamudzudzule, chifukwa ngakhale switi simungagule ndi K10 masiku ano. Koma ine ndinapempha mayi wapatilu kuti andipatse ndalamazo, ndipo anandiyang'ana ngati mutu wanga sukugwira.

Ndimatolera ndalama zachitsulo, ndipo ndikufuna ndikukopeni achinyamata anzanga kuti nanunso muyambe, zisanatheretu kusowa. Koma ndinenenso poyera kuti ntchitoyi ili ndi minga zake, ndipo amene akulowamo ndi maloto olemera abwerere pomwepa.

Otolera ndalama zakale ali ndi njira ziwiri zikuluzikulu. Ena amafuna ndalama ya chaka chilichonse chimene inapangidwa: 10 tambala ya chaka chino, ya chaka chinacho, mpaka zonse zitakwana. Njira imeneyo imafuna thumba lakuya komanso mtima wachitsulo. Njira inayo, imene ine ndimatsata, ndi yotolera mwa mtundu. Mumasunga imodzi yokha ya kapangidwe kalikonse. Mukapeza 20 tambala imodzi ya njovu yokhala ndi nkhope ya Kamuzu, basi mtundu umenewo watha, mwayamba kusaka wina. Kwa munthu wa ndalama zochepa ngati ine ndi inu, iyi ndiyo njira yotheka.

Kukoma kwake nkwakuti mukaziyala patebulo motsatana, mumaona dziko likusintha m'manja mwanu. Yambani ndi kobiri yoboola pakati ija, ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, imene agogo ambiri amaikumbukira. Kenako 1964, chaka cha ufulu, Malawi anatulutsa ndalama zakezake za nkhope ya Dr. Hastings Kamuzu Banda: sikisipensi ya tambala, shilini ya chimanga, florin ya njovu ndi hafukolona ya chizindikiro cha boma. Mu 1971 tinasiya mapaundi ndi mashilini nkuyamba kwacha ndi tambala, pamene K2 inkafanana ndi paundi imodzi. Shilini inasanduka 10 tambala ndipo chimanga chija chinasamukira pomwepo, florin inasanduka 20 tambala njovu zili pomwepo. Mu 1986 kunabwera 50 tambala ndi K1 yachitsulo.

Ndale zitasintha mu 1994, ndalama nazo zinasintha. Nkhope ya Bakili Muluzi inalowa m'malo mwa ya Kamuzu, tambala uja anachoka pa 1 tambala nkubwera nsomba, ndipo pa K1 panabwera nkhwazi. Pambuyo pake nkhope ya mtsogoleri inachoka, nkutsala chizindikiro cha boma. Ambiri a inu mukukumbukira K5 ndi K10 zolemera zija za zitsulo zamitundu iwiri, zolembedwa 2006, zimene zinkaboola matumba a yunifolomu. Mu 2012 zinalowedwa m'malo ndi tating'onoting'ono topepuka timene mnyamata uja anasiya pakauntala.

Tsopano tangoganizani. Dziko limene linkaona kufunika kopanga 1 tambala, gawo limodzi mwa magawo 100 a kwacha, lero lili ndi pepala la K5,000, limene Reserve Bank of Malawi inatulutsa mu 2022. Tonse tinamva kuti kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma chiwerengero chapawailesi sichilasa mtima ngati kugwira 2 tambala m'dzanja agogo akukuuzani zimene ankagula nayo. Ine phunziro la kukwera mitengo kwa zinthu ndinalimvetsa bwino ndili pamphasa ndi agogo anga aakazi, titakhuthula kachitini kawo ka makobiri, kuposa mmene ndinalimvera m'kalasi.

Vuto loyamba ndi kuzipeza. Ndalama zachitsulo sizikuyendanso m'misika, ndiye simungadalire chenje ngati kale. Zambiri zili m'zitini, m'madilowa, pansi pa masutikesi akumudzi, ndipo pakagwa maliro nyumba ikasesedwa, zimapita kudzala limodzi ndi mabatire akutha. Ichi ndicho chifukwa chake ndikuti changu chikufunika. Chaka chilichonse tikutaya zina.

Vuto lachiwiri limaseketsa koma limazunguza mutu: kodi mtundu ndi chiyani kwenikweni? Ma 1 tambala ena a Kamuzu amakakamira ku maginito, ena ayi, chifukwa chitsulo chinasinthidwa pomwe chithunzi chili chomwecho. Ndi mtundu umodzi kapena iwiri? Pa ndalama zina dzina la dziko lili ndi kachizindikiro pamwamba pa W, Malaŵi, pa zina palibe. Muwerenge padera? Nanga 20 tambala ya njovu ya Kamuzu ndi ya njovu imene inapangidwa Kamuzu atachoka? Ine zimenezi ndimaziwerenga padera, koma za maginito ndinaganiza zozisiya. Palibe khoti loweruza nkhaniyi. Dziikireni malire anu musanayambe, apo ayi simudzamaliza. Dziwaninso kuti pa intaneti pali ndalama zambiri zonyezimira zolembedwa Malawi zimene zinapangidwira otolera akunja ndipo sizinagulepo tomato pamsika uliwonse kuno. Kwa ine zimenezo si mbali ya nkhani yathu, ndiye sindizithamangira.

Vuto lachitatu ndi manja athu omwewa. Munthu ukapeza kobiri yakuda bii, mtima umafuna kuikwecha ndi mchenga kapena phulusa ngati poto. Chonde musatero. Ine ndinawononga shilini yanga yoyamba mwa njira imeneyo. Inawala ndithu, koma ndi mikwingwirima thupi lonse, ndipo odziwa zinthu amaipeputsa ndalama yotere. Madzi ndi kasopo pang'ono nzokwanira kuchotsa dothi, kenako muumitse bwino. Igwireni m'mphepete, ndipo iliyonse ikhale m'kaenivelopu kake kapepala, kutali ndi chinyezi.

Vuto lachinayi ndilo lalikulu, ndipo ndi limene landichititsa kulemba. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mumadzaza mauthenga akuti kobiri yoboola pakati kapena K1 ya tambala ikugulidwa mamiliyoni, ati mzungu wina akuzisaka. Abale anga, ndalama zimene zinkayenda m'misika zinapangidwa zochuluka zedi, ndipo zambiri mwa izo, makamaka zoperepeseka, mtengo wake ndi wochepa. Mtengo umakwera ngati ndalamayo ndi yosowadi komanso yosungidwa bwino ngati yatsopano. Munthu akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama pafoni ya "kulembetsa" kapena ya "kuyeza" kobiri yanu, dziwani kuti amene akugulidwayo ndi inuyo. Choipa china nchakuti mphekesera zimenezi zachititsa kuti amalume amene akanakupatsani kobiri mwaulere ayambe kuibisa, poganiza kuti mukufuna kuwadyera masuku pamutu.

Ndikudziwa wina akuti, "Akulu inu, anthu akusowa ya ufa, inu mukukamba zosewera ndi makobiri?" Funso lake ndi lomveka. Koma taonani, ichi ndi chimodzi mwa zosangalatsa zochepa zimene sizikudyerani bandulo tsiku ndi tsiku kapena kukutengerani ya ndiwo ngati kubetcha mpira. Ndalama zambiri zimene ndili nazo sindinagule. Ndinapempha, ndinasinthanitsa ndi anzanga, zina ndinatola. Ndipo mbiri ya dziko losauka nayonso ndi mbiri. Ngati ife eni ake sitisunga zinthuzi, ana athu adzaziona pa zithunzi zokha, zili m'manja mwa otolera a ku London, ndipo adzafunsa kuti tambala amene amatchulidwa pa nkhani za ndalamayu anali wooneka bwanji.

Ndiye mukapita kumudzi ulendo uno, musangofikira kufunsa komwe kuli netiweki. Khalani pansi ndi agogo, muwapemphe mwaulemu kuti akuonetseni kachitini kawo. Musatenge zonse, sankhani imodzi ya mtundu uliwonse, ndipo pa kaenivelopu mulembe chaka chake, amene wakupatsani, ndi zimene akukumbukira kuti ankagula nayo. Mawu amenewo tsiku lina adzakhala amtengo wapatali kuposa chitsulocho. Ine ndikusakabe hafukolona ya 1964 yooneka bwino, ndipo malo ake m'bokosi langa ndawasiya opanda kanthu mpaka nditaipeza.