Kukapumira ku Tucson

Anthu ambiri a ku America akapuma pa ntchito amasamukira ku Tucson, m'chigawo cha Arizona. Chimene chimawakopa n'chodziwika: nyengo yachisanu kumakhala kofunda, ndipo boma la Arizona silidula msonkho pa penshoni ya Social Security.

Koma mu June dzuwa limaswa mtengo, kutentha n'kufika madigiri 40. Gogo wodwala mtima amangobindikira m'nyumba, makina oziziritsa akulira usiku wonse, bilu ya magetsi ikukwera.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi. Mzindawu umadalira mtsinje wa Colorado kudzera m'ngalande yotalika makilomita oposa 500, ndipo kuyambira 2022 gawo la madzi a Arizona lakhala likuchepetsedwa.

Musanagule nyumba kumeneko, kakhaleniko kaye mwezi wathunthu wa June.