Gasi wa ku Muzarabani alipire msonkho ngati ife

Ndinabadwira pa famu ya fodya kuno ku Centenary. Agogo anga anachoka ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito m'minda ya azungu, ndipo anamwalira opanda penshoni. N'chifukwa chake ndikamva zokhululukira misonkho, ndimayamba ndafunsa kuti wokhululukidwayo ndani.

Kumunsi kwathu, m'chigwa cha Muzarabani, kampani ya Mobil inafufuza mafuta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, n'kuchoka. Invictus Energy ya ku Australia inadzapitiriza pomwe Mobil inasiyira, ndipo mu Disembala 2023 inalengeza kuti yapeza gasi pa chitsime cha Mukuyu-2. Koma mu mgwirizano wa 2021 boma linali litalonjeza kale zaka zosalipira msonkho wa phindu, kenako 15 peresenti yokha.

Akuti popanda nyambo palibe angataye ndalama m'dzenje lomwe anzake analithawa. Ndikuvomera, kukumba n'kodula, ndipo chitsime chitha kukhala chouma. Koma msodzi amaika nyambo kuti adye nsomba, osati kuti nsomba ikhute n'kumapita.

Mayi wosankha fodya akatumiza ndalama pafoni, boma limadulapo pomwepo msonkho umene unakwezedwa kufika pa 2 peresenti mu 2018. Iye sadikiridwa kuti apeze kaye phindu.

Boma litiuze poyera: tikusiya ndalama zingati, mpaka liti, ndipo ana a m'makomboni adzapezapo ntchito zingati? Likalephera kuyankha, gasi alipire ngati mmene amalipirira mayi uja.