Tilapia wa kunja asalowe m'madamu athu

Anzanga a Fomu 4, tikafika pa mutu wa momwe mitundu yatsopano ya zamoyo imayambira, timangoloweza za Darwin ndi timbalame ta ku Galápagos. Eti mpaka ku Pacific, chikhalirecho chitsanzo chili ku Salima konkuno, ulendo wa minibasi basi.

M'Nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba yoposa 700, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko. Taonani mbuna. Tinsomba timeneti timakhala m'miyala n'kumadya ndere, ndipo sitikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya poopa kudyedwa. Ndiye mbuna za pachilumba cha Mbenji zimaswana zokhazokha, za ku Maleri nazonso chimodzimodzi. Pakapita mibadwo masauzande, maonekedwe amasiyana. Yaikazi imasankha yamphongo poyang'ana mawanga ake, choncho mapeto ake ngakhale zitakumana sizifunananso. Apo ndiye kuti mtundu umodzi uja wasanduka iwiri. Mpanda wake ndi mchenga chabe!

Chimene chikundidetsa nkhawa ine n'chakuti munthu amagumula mpanda umenewu ndi chidebe chimodzi. M'zaka za m'ma 1960, mbuna zochokera kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pachilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear, ndipo zinayamba kuswana ndi za komweko. Ku Nyanja ya Victoria zinafika poipa: nsomba yolusa ya Nile perch imene anaikamo m'ma 1950 inatha mitundu yambirimbiri.

Mwina mukuti, ife a ku Mitundu ndi Nathenje zikutikhudza pati, nyanja ili kutali? Ambiri tikalemba mayeso tidzalowa ulimi, ena wa nsomba, ndipo mudzamva anthu akuyamikira Nile tilapia kuti amakula msanga kuposa makumba. Kukula amakuladi, sindikutsutsa. Koma mvula ya Januwale ikasefukiza damu, madzi amatsikira mumtsinje wa Lilongwe, Lilongwe amathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ku Salima. Tilapia ameneyu ndi m'bale wa makumba ndi chambo, moti atha kuswana nazo kapena kuzilanda chakudya. Akalowa m'nyanja palibe ukonde ungamuchotsemo, n'chifukwa chake boma silimulola m'dziko muno.

Wina akabwera ndi mbewu ya nsomba m'chigubu osanena bwino kumene waitenga, musagule, ngakhale atchipitse bwanji. Ku Bunda, pafupi pompano, kuli akatswiri a ulimi wa nsomba. Kafunseni kaye kumeneko musanaike chilichonse m'damu.