Za Nsomba Imene Ikodwa ndi Nthenga

Abale athu a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi konse kumene kalata ino ifika, mwezi uno tinene za kuwedza. Inu nonse mudziwa kuti mbedza yopanda nyambo siikola kanthu, ndipo mnyamata aliyense wokulira m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe adziwa kukumba nyongolotsi, kapena kusunga ngumbi za mvula yoyamba. Koma m'dziko lathu lomwe lino muli nsomba ina imene anthu aikola ndi nthenga ya tambala ndi ulusi pokha. Dzina lake ndi trout, ndipo ndi mlendo pakati pathu.

Kwawo kwa mtundu umene tili nawo kuno ndi ku mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America. Azungu anabwera nayo m'Nyasaland m'chaka cha 1906, si kuti idyetse midzi iyayi, koma kuti iwo azikondwa poiwedza. Anaiika m'madzi a m'mapiri: mu Mulunguzi pa phiri la Zomba, m'mitsinje ya pa Mulanje, ndipo pambuyo pake ku Nyika, m'madamu a pa Chelinda. Anasankha mapiri pakuti nsombayi ifuna madzi ozizira, oyera ndi othamanga. Akafunda kufika madigiri 25 iyamba kulefuka ndi kufa. Nsonga za phiri la Zomba zipitirira mamita 2,000, pamene Lilongwe ali pa mamita ngati 1,050. Tsono musadzivute kuifuna mu Lingadzi, simudzaipeza.

Nanga nthenga ilowapo bwanji? Tamverani. Pansi pa miyala ya m'mitsinje yoyera pakhala kachilombo kakang'ono ka miyendo 6 ndi timichira 3, kena 2, topyapyala ngati tsitsi. Kakhala m'madzimo miyezi yambiri, kena chaka chathunthu, kalikudya ndere. Nyengo yake ikakwana kakwera pamwamba pa madzi, khungu lake ling'ambika kumsana, ndipo katuluka ndi mapiko oimirira ngati thanga la ngalawa. Kayandama pang'ono kufikira mapikowo atauma, nkuulukira pa tsamba, ndipo pamenepo kafundulanso kachiwiri. Mwa tizilombo tonse touluka, ndi mtundu uwu wokha umene ufundula utamera kale mapiko. Pakamwa podyera kalibe. Kakhala tsiku limodzi kapena awiri, kaikira mazira pamadzi, nkufa.

Angerezi akatcha mayfly, chifukwa kwawo katuluka kambirimbiri mwezi wa Meyi, chisanu chitatha. Dzinalo lisatisokeretse, pakuti kwathu kuno Meyi ndiye chiyambi cha chisanu. Amene anakhalapo kunyanja amva msanga zimene tinenazi, popeza anaona nkhungu zikufuka pamadzi ngati utsi, zimene David Livingstone anapeza anthu akuzikola ndi kuziumba zitumbuwa m'chaka cha 1861. Nkhungu ndi mtundu wina, koma makhalidwe ake ndi omwewo: zikulira m'madzi, zituluka pamodzi, ndipo nsomba zizidikira.

Pa nthawi yoyandama ija ndi pamene trout ikwera kudzatola tizilomboto kamodzikamodzi, nkusiya timizere tozungulira pamadzi. Msodzi wochenjera safulumira. Ayamba wakhala pansi ndi kuyang'ana kuti kalikutuluka nkotani, kukula kwake ndi maonekedwe ake; atatero asankha mbedza imene anaimangirira nthenga ndi ubweya mofanana nako. Nyambo yotere njopepuka, siingaponyeke yokha, choncho chingwe ndicho chilemera, ndipo achikupiza m'mwamba kutsogolo ndi kumbuyo ndi ndodo yaitali yowetama, kufikira nthengayo itatera pamadzi mwakachetechete. Iyenera kuyenda ndi madzi monga kachilombo kenikeni. Chingwe chikaikoka pang'ono pokha, nsomba izindikira chinyengocho nkubwerera pansi. Ambiri a asodzi amenewa abweza m'madzi nsomba imene akola, ndipo apita kwawo chimanjamanja ali okondwa. Mayi wa ku Mgona amene ateleka mphika akudikira ndiwo sangamve nzeru imeneyi, ndipo ife sitimtsutsa.

Koma pali kanthu kamene asodzi a nthengawo anadziwa, kamene katikhudza ife tonse. Tizilombo tija sitipirira madzi oipa. Matope akakwirira miyala, kapena zonyansa za m'zimbudzi ndi zinyalala zikachuluka, ndito tiyamba kutha, nsomba nkutsatira pambuyo. Nchifukwa chake ku South Africa ana a sukulu aphunzitsidwa njira yotchedwa miniSASS, yoyesera mtsinje powerenga tizilombo ta pansi pa miyala. Ntchito imeneyi siifuna ndalama. Bambo wa ku Area 23 kapena ku Area 25 angatenge ana ake kumfuleni wapafupi, atembenuze mwala, auviike m'mbale yoyera ya madzi. Akaona tamichira tija tikuthawathawa, madziwo akali ndi moyo. Akapeza misundu ndi timphutsi tofiira tokhatokha, adziwe kuti mtsinjewo wadwala, ndipo ana asasambemo. Amene ali ndi abale cha ku Dzalanyama, kumene Lilongwe achokera, akayesenso kumeneko, nalinganize ndi za kunsi kwa msika.

Tinenenso poyera kuti trout sitiilirira kwambiri. Ndi nsomba yolusa, ndipo m'mitsinje ina ya ku South Africa inatha tinsomba ta eni dziko. Imene itidetsa nkhawa ndi mpasa wathu, amene achoka m'nyanja nkukwera mtsinje wa Bua, kupyola nkhalango ya Nkhotakota, kukaswa. Iyenso afuna timiyala toyera toikirapo mazira, monga trout yomwe. Munthu akalima mpaka m'madzi, dothi litsika nkukwirira mazirawo. Wina akathira katupe apha kholo ndi mwana yemwe. Wina akakoka ukonde wa udzudzu atsiriza tiana timene tinapulumuka. Tsopano mpasa awerengedwa pakati pa nsomba zimene zili pafupi kutha, ndipo kunja kwa nyanja ya Malawi ndi mitsinje yothira m'menemo sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi.