Za Umoyo Pabanja: Phazi la Wodwala Shuga

Mwezi uno tikambirane za phazi la munthu wodwala matenda a shuga. Ambiri timaganiza kuti shuga ndi nkhani ya chakudya chokha, koma nthendayi imaononganso mitsempha yotengera magazi kuchokera kumtima kupita kumiyendo. Mitsemphayo imachepa m'kati, makamaka kumunsi kwa bondo, ndipo phazi limasowa magazi. Kuonjezera apo phazi limachita dzanzi, kotero kuti mwini wake salimva likabayidwa ndi munga.

Zizindikiro zake nazi: katumba kupweteka poyenda koma n'kuleka munthu akaima, phazi kuzizira, kupweteka usiku kumene kumachepa mwendo ukalendewera pabedi, chilonda chosapola, chala kuda bii.

Ngalande ya kudimba ikatsekeka, mlimi amakumba ina yolambalala. Madokotala nawonso amatero. Amachotsa mtsempha wautali wobwezera magazi kumtima umene uli pansi pa khungu la mwendo, nausoka pamwamba ndi pamunsi pa malo otsekekawo kuti magazi adutsiremo. Dokotala Jean Kunlin ndiye anayamba opareshoniyi ku Paris m'chaka cha 1948. Njira ina ndiyo kulowetsa kachubu mumtsempha ndi kuufutukula ndi kabaluni.

Nanga zotsatira zake n'zotani? Kafukufuku wa BEST-CLI wa 2022, wa odwala 1,830 amene ambiri anali ndi shuga, anapeza kuti amene anali ndi mtsempha wawo wabwino anathandizidwa koposa ndi opareshoni yolambalala. Koma wa BASIL-2 wa 2023, wa odwala 345 otsekeka kumunsi kwa bondo, anapeza kuti kuyamba ndi kabaluni kunali bwino. Choncho dokotala amasankha poona wodwala aliyense. Tidziwenso kuti opareshoni sichotsa nthenda. Njira yatsopanoyo ikhoza kutsekekanso, makamaka kwa osuta fodya, ndipo mabala a wodwala shuga amachedwa kupola. Amene wafika mochedwa, phazi litayamba kuola, kawirikawiri amadulidwa mwendo.

Tsono tichitenji? Wodwala asayende wopanda nsapato, ndipo azikutumule asanavale. Asawothe moto mapazi ali pafupi, pakuti akhoza kupsa osadziwa. Asatemere mphini paphazi kapena kucheka chikanga ndi lezala. Asiye fodya ndipo amwe mankhwala monga anauzidwira.

Inu achinyamata, maso anu ndi akuthwa. Madzulo aliwonse yang'anani mapazi a agogo kapena a bambo, pansi pake ndi pakati pa zala. Mukaona kachilonda, ngakhale kakang'ono, aperekezeni kuchipatala mawa lake lomwe, osadikira mwezi kutha.

Ndipo ife akuluakulu tisabise phazi m'sokosi poopa kuvutitsa ana. Makolo athu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Povulira dokotala nsapato palibe chochititsa manyazi, pakuti mwendo umenewo ndiwo utifikitsa kumunda.