Nyumba zakale za Administração zisasiyidwe kuti zigwe

M'matauni a m'malire, kuyambira ku Ulónguè mpaka ku Furancungo ndi ku Milange, boma la Apwitikizi linali ndi nyumba yake imene anthu ankangoitchula kuti ku Administração. Ndi kumene mafumu ndi anyakwawa ankaitanidwa, kumene msonkho unkakhomedwa ndiponso kumene milandu inkaweruzidwa. Pali ena amene amanena kuti nyumba zotere n'zachitsamunda, choncho zikayamba kudontha palibe chifukwa choonongerapo ndalama, kuli bwino kumanga zatsopano. Maganizo amenewa ndi olakwika.

N'zoona kuti pamakhonde amenewa panachitika zowawa. Ulónguè weniweniyo unkatchedwa Vila Coutinho, dzina lokumbukira João de Azevedo Coutinho, msilikali amene anatsogolera nkhondo yogonjetsa dziko la Báruè m'chaka cha 1902. Mwamuna wolephera msonkho wa nyumba ankabwera naye asipayo, ndipo mbalamatodya inkamutupitsa manja mpaka kulephera kugwira khasu. Chibalo chinathetsedwa pa lamulo m'chaka cha 1961 basi. Munthu amene bambo wake anamenyedwa pamenepo sangauzidwe kuti aikonde nyumbayo.

Koma funso ndi lakuti, nyumbayo ndi ya yani? Mzungu anabwera ndi pulani ndi ndodo. Ndalama zinachokera ku msonkho wa anthu a m'midzi, ndipo ntchito za boma za nthawi imeneyo, monga kulambula misewu, kuumba njerwa ndi kunyamula mitengo, zinkagwiridwa kwambiri ndi anthu ogwidwa chibalo. Kuigwetsa sikulanga Mpwitikizi, iye anapita kalekale. Kumene kukutayika ndi thukuta la agogo a anthu omwewa, pamodzi ndi umboni woti mwana wa sukulu angauone ndi maso osati kungoumva m'buku.

Ndiponso mbiri ya malo amenewa sinathere pa atsamunda. Dziko litalandira ufulu pa 25 Junho 1975, mbendera inasintha ndipo anthu amene kale ankaima panja atavula chipewa anayamba kulowa m'kati kukachita misonkhano. Kenaka inadza nkhondo imene inathawitsira ku Malawi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri a ku Angónia nakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, obwerera kwawo anapita ku boma komweko kukafuna zikalata, ndipo mu 1994 anavota koyamba pa chisankho cha zipani zambiri. Palibe nyumba ina m'tauni imene inaona zonsezi motsatizana.

Apa pali chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa. Moçambique ali ndi lamulo loteteza zinthu zakale, Lei 10/88 la pa 22 Dezembro 1988. Lamuloli limati nyumba iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 1920 ndi yotetezedwa kale, popanda wina kupempha. Izi zimathandiza malo ngati linga la São Tiago Maior mu mzinda wa Tete, tchalitchi cha ku Boroma, ndi chilumba cha Ilha de Moçambique chimene UNESCO inachiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1991. Koma kumtunda kuno boma la Apwitikizi linakhazikika mochedwa, ndipo nyumba zake zambiri zinamangidwa 1920 itadutsa. Chomwecho siziwerengedwa zokha. Kuti nyumba yotere itetezedwe, nduna za boma ku Maputo ziyenera kuivomereza, ndipo nduna sizingadziwe za denga la ku Furancungo ngati eni dera ali chete.

Kale anthu akanatha kunena kuti alibe pokanena. Tsopano Milange ali ndi município kuyambira 1998, ndipo Ulónguè unapatsidwa wake mu 2008. Mafumu nawonso anabwezeredwa ulemu wawo ndi Decreto 15/2000. Amenewa ndiwo ayenera kulemba pempholo, mothandizana ndi a za chikhalidwe a m'chigawo.

Wina adzati ndalama zipite ku mijigo ndi ku zipatala. Palibe wotsutsa kuti madzi ndi ofunika kuposa khoma. Koma nyumba yakale sifuna zambiri ikagwiridwa msanga: kusintha lata lobooka, kuthana ndi chiswe, kuzula mitengo yomera m'khoma. Imafuna zambiri ikasiyidwa nyengo zisanu za mvula. Ndipo isatsekedwe ndi loko n'kuikidwa chikwangwani chabe. Chipinda chachikulu chikhale cha misonkhano ya mafumu, ya alimi a mbatatesi ndi chimanga, ndi ya amayi a magulu, pakuti nyumba yolowamo anthu ndi imene wina amaona msanga kuti yayamba kudontha.

Ntchito ina siifuna ngakhale thumba limodzi la simenti. Mnyamata amene anali ndi zaka 18 pamene chibalo chinkatha, lero wapitirira zaka 80. Iye akudziwa pamene asipayo ankaima, khomo limene munthu wakuda sankalowera, ndi midzi imene inaumba njerwa. Aphunzitsi a mbiri a m'sekondale angathe kutuma ophunzira awo ndi kope kapena foni kukalemba zimene nkhalamba zimenezi zikunena, m'Chinyanja momwe zikunenera, ndipo zolembazo zikasungidwe m'nyumba yomweyo.